Kodi Pepala Lathu Limalemera Bwanji Kunja?

(Awa ndi mawu amene anayankhula mlendo wathu wolemekezeka, yemwenso ndi mmodzi wa ophunzira akale a pasukulu pano, pa msonkhano waukulu wa pachaka. Tawasindikiza onse pofuna kuthandiza anzathu amene sanathe kufika. Mkonzi.)

A Wapampando a bungwe lathu, a Mphunzitsi Wamkulu pamodzi ndi aphunzitsi onse, a Gulupu ndi mafumu amene mwatilandira, akuluakulu a komiti, anzanga amene tinadyera limodzi nyemba zofumbwa m'holo muno, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni nonse.

A Mlembi atandilembera kalata yondipempha kuti ndidzayankhule lero, anandipatsa ufulu wosankha ndekha mutu wa nkhani. Poyamba ndinafuna kukamba za masiku akale, za mpira umene tinkagonjetsa nawo sukulu zoyandikana nafe, ndi za aphunzitsi athu amene anatsogola. Koma kunyumba kwathu kunagwa nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo ndaona kuti ndikapanda kuinena pano, mawa idzagwera mmodzi wa inu.

Mwana wa mlongo wanga anakhoza mayeso a MSCE bwino ndithu, koma dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite za boma. Atamva pa wailesi za koleji ina ya m'tauni, imene sinditchula dzina lake, anakalembetsa. Mayi ake anagulitsa mbuzi, anapinyolitsa kamunda kamene anasiya agogo athu, ndipo kwa zaka zinayi ndalama iliyonse ya pakhomo inkapita ku fizi. Tsiku lovala gauni tinabwereka minibasi, tinavina, tinajambulitsa, ndipo chithunzicho chikadali pakhoma. Ntchito itavuta kuno, mnyamatayu anakwera basi ya ku Johannesburg. Kumeneko kampani ina inamukonda, koma inamuuza kuti ayambe wakayezetsa pepala lake ku bungwe loona za mapepala a maphunziro ochokera kunja. Yankho litabwera linali lalifupi: maphunziro amene anachita sanali ovomerezeka ngakhale kwawo komwe ku Malawi, choncho panalibe choti n'kuwayerekeza nacho. Mwana wa digiri anakhala mlonda wa pageti.

Ine ndine malume ake, mwini mbumba. Ndagwira ntchito ya maphunziro zaka zoposa 30. Ndinavina nawo pa tsiku la gauni, koma pa zaka zinayi zonsezo sindinafunse funso ngakhale limodzi lokhudza kolejiyo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli tinadya banja lonse. N'chifukwa chake lero ndikufuna tikambirane zinthu ziwiri zimene n'zolumikizana: amene amayendetsa sukulu zathu, ndi kulemera kwa pepala lathu likadutsa chipata cha Mwanza kapena likatsika ndege ku London.

Ambiri a inu mukudziwa kuti ndinakulira m'malaini a pa esiteti. Mayi anga ankathyola tiyi, dengu kumsana, chiperoni chili chuu. Bambo anga anali kalaliki wa pasikelo. Tsiku lina ananditengera kufakitale n'kundionetsa mabokosi amene ankadikira kupita ku okushoni ku Limbe. Anandiuza kuti wogula tiyi sanaonepo munda wathu ndipo sadziwa amene anathyola masambawo, koma amayang'ana zinthu zitatu. Amayang'ana chidindo cha pabokosi kuti adziwe kumene tiyi wachokera. Amayang'ana giredi, kaya ndi BP1, PF1 kapena Dust. Pomaliza amaviika pang'ono m'kapu n'kulawa. Patapita zaka zambiri ndinazindikira kuti munthu wa kunja akalandira satifiketi yathu amachitanso chimodzimodzi. Choncho nkhani yanga ndiigawa patatu monga anandiphunzitsira bambo anga.

Ndiyambe ndi chidindo. Kodi sukulu ndi ya yani, ndipo amene amaikira umboni pepala lake ndani?

Kale sukulu m'dziko muno zinali za mamishoni. A Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch anayamba ku Mvera mu 1889, ndipo kuno kwathu a Seventh Day Adventist anakhazikika ku Malamulo, kufupi ndi Makwasa, mu 1902. Mishoni iliyonse inali ndi mabuku ake, aphunzitsi ake ndi mayeso ake. Boma la atsamunda linadzatsegula nthambi yoona za maphunziro mu 1926, patatha zaka 35 likulamulira dziko lino. Sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Amene ankafika kumeneko ankalemba mayeso a Cambridge. Chidindo chinali cha ku Mangalande, ndipo palibe amene ankachikayikira kulikonse kumene munthu wapita. Koma ndi ana angati a m'maesiteti muno amene anachiona? Masiku a thangata mwana ankafunika kumunda kuposa m'kalasi, ndipo makolo athu ambiri anamwalira akusayina ndi chala.

Titalandira ufulu mu 1964, boma linasonkhanitsa zingwe zonse m'dzanja limodzi. Yunivesite ya Malawi inatsegula zitseko ku Chichiri mu 1965 ndi ophunzira pafupifupi 90. Tinayamba kukhala ndi mayeso athuathu, MCE imene ife tinalemba, yomwe ana a lero amaidziwa kuti MSCE, ndipo mu 1987 kunakhazikitsidwa bungwe la MANEB ku Zomba. Ubwino wake unali woti dziko lonse linayamba kuyenda njira imodzi. Kuipa kwake ndinakuona ndekha nditayamba ntchito. Mphepo ikasasula denga la kalasi mu Disembala, kalata inkachoka ofesi ina kupita ofesi ina, ndipo yankho linkafika anthu akukolola chimanga. Anthu a m'mudzi ankangoti sukulu ndi ya boma, boma lidzakonza.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi kupulaimale. Chaka chimodzi chokha ana anachuluka kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ena a inu munalembedwa uphunzitsi nthawi imeneyo mutaphunzitsidwa masabata owerengeka, n'kupatsidwa kalasi ya pansi pa mtengo. Zinaonekeratu kuti ofesi imodzi ya kulikulu singathe kudziwa za choko cha sukulu iliyonse. Mu 1998 dziko linavomereza ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono. Nyengo yomweyo malo a MCDE anasandulika sekondale zoyendera za m'madera, zimene timati ma CDSS. Makhansala tinawasankha mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 tinakhala opanda makhansala mpaka 2014. Mphamvu ku anthu inayenda ngati ngolo yothyoka gudumu limodzi.

Nanga chimene chinatsika n'chiyani, ndipo chimene chinatsala kumwamba n'chiyani? Sukulu za pulaimale zinaperekedwa ku makhonsolo. Kuboma kuli ofesi ya maphunziro, sukulu zinagawidwa m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi mlangizi wake amene timamutcha PEA. Pasukulu pali komiti yoyendetsa sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi gulu la amayi loyang'anira ana aakazi. Kunabweranso ndalama zotukulira sukulu zimene zimalowa ku akaunti ya sukulu yeniyeniyo, kuti anthu a pamalopo agwirizane okha chimene ayambe kukonza. Sekondale zakhala zikuyang'aniridwa kudzera m'zigawo 6 za maphunziro, ndipo ife a Thyolo tili m'chigawo cha Shire Highlands pamodzi ndi Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Koma zimene ana amaphunzira zimakonzedwa ku Domasi ndi bungwe la MIE, ndipo mayeso ndi a MANEB. Mwana wa ku Thekerani ndi mwana wa ku Chitipa amatsegula pepala limodzi, tsiku limodzi, ola limodzi.

Tikayerekeza ndi maiko ena tiona kuti ife sitinapite patali kwambiri. Ku America maphunziro ali m'manja mwa zigawo 50 za dzikolo, ndipo pansi pa zigawozo pali timaboma ta sukulu toposa 13,000. Kulibe mayeso amodzi a dziko lonse otsirizira sekondale, ndipo yunivesite zimavomerezedwa ndi mabungwe amene si nthambi za boma. Ndalama zambiri za sukulu zimachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo a m'deralo, kotero kuti dera lolemera limakhala ndi sukulu yolemera, dera losauka sukulu yosauka. Ku Germany zigawo 16 zimayendetsa sukulu zake pazokha, ndipo nduna za zigawozo zimakumana kuti pepala la chigawo china lilandiridwe ku chigawo chinzake. Ku South Africa zigawo 9 zimayendetsa sukulu, koma mayeso a matric amatsata muyezo umodzi wa dziko lonse. Ife tafanana kwambiri ndi a ku South Africa: manja ogwira ntchito ndi ambiri, chidindo ndi chimodzi.

Chidindo chimodzichi ndi mwayi wathu, chifukwa munthu wa kunja savutika kufufuza kuti MSCE ya ku Thyolo ikusiyana bwanji ndi ya ku Karonga. Koma chitsanzo cha ku America chitichenjeze. Mphamvu zikatsika, dera limene lili ndi anthu ogalamuka limathamanga, ndipo dera limene anthu ake ophunzira onse anathawira m'tauni limatsala. Walira mvula walira matope. Tinalira mphamvu, ndipo zabwera ndi ntchito yake.

Kusukulu za ukachenjede nakonso zinthu zamwazikana. Masiku athu yunivesite inali imodzi, ndipo ukati ndili ndi digiri palibe amene ankafunsa kuti ya kuti. Yunivesite ya Mzuzu inalandira ophunzira oyamba mu 1999. Bunda inadzakhala LUANAR. Pakhomo pathu pomwe pano, ku Ndata, MUST inatsegulidwa mu 2014, ndipo mwana wothyola tiyi angathe kuona nyumba zake ali ndi dengu kumsana. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: Chancellor inatsala ndi dzina lakale, Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zinaphatikizana kukhala KUHeS. Mipingo nayo inatsegula zake, monga Livingstonia mu 2003 ndi ya Akatolika ku Nguludi mu 2006, osaiwala maphunziro a zaumoyo a ku Malamulo. Palinso za anthu wamba zambirimbiri, zina zabwino kwambiri, zina za chikomekome cha mkuyu.

Pofuna kusiyanitsa zimenezi, lamulo la mu 2011 linakhazikitsa bungwe la National Council for Higher Education, limene timalitchula mwachidule kuti NCHE. Apa ndipempha kuti mumvetsere bwino, chifukwa ndi pamene banja lathu linagwera. Kulembetsa sukulu ndi chinthu china, kuvomereza maphunziro ake ndi chinthu chinanso. Koleji ingathe kukhala ndi chilolezo chotsegula zitseko, koma maphunziro ena amene ikuphunzitsa asanayezedwe n'kuvomerezedwa. Ndiponso kuvomereza kumapita pa phunziro lililonse palokha: digiri ya uphunzitsi ingakhale yovomerezeka pamene ya zamalamulo pa koleji yomweyo ili yosavomerezeka. Bungweli limatulutsa mndandanda wake poyera. Ndikanangotenga mphindi khumi kuuwerenga, kamunda ka agogo kakanakhala kathu mpaka lero.

Tsopano ndifike pa giredi. Anthu a kunja akafuna kudziwa msinkhu wa pepala, amayamba ndi kuwerenga zaka. Aliyense wa ife amene ali ndi MSCE anayenda zaka 8 kupulaimale ndi zaka 4 kusekondale, zonse pamodzi 12. Sindikuwerengera zimene tinabwereza mu Sitandade 8, chifukwa tikatero ena pano tifika 15. Ku England mwana amalemba GCSE m'chaka cha 11, kenaka amaonjezera zaka ziwiri n'kulemba A-level m'chaka cha 13. MSCE yathu amaiika pa msinkhu wa GCSE. Ichi ndi chifukwa chake mwana wa mapointi 6, amene dziko lonse lamuombera m'manja, akafunsira malo ku yunivesite ya ku England kawirikawiri amauzidwa kuti ayambe wachita chaka chokonzekera kapena A-level. Makolo ena amakwiya, amati akutinyoza. Sikunyoza ayi, n'kuwerenga zaka basi. Anzathu a ku Zimbabwe, Tanzania ndi Uganda ali ndi zaka ziwiri zoonjezerazo, ndipo kuno kwathu zakhala zikupezeka m'sukulu zowerengeka monga Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981. Ku South Africa nakonso MSCE payokha kawirikawiri sikwanira kulowera digiri, ndipo munthu amayenera kupempha chilolezo chapadera.

Koma chaka chimene tinatsalira kusekondale timachibweza ku yunivesite. Digiri yathu yoyamba ndi ya zaka 4, pamene ya ku England ndi ya zaka 3. Ife 12 ndi 4, iwo 13 ndi 3, tonse tikukumana pa 16. A ku America nawo amayenda 12 ndi 4 ngati ife. Ku South Africa ali ndi makwerero a masitepe 10: matric ili pa 4, digiri ya zaka zitatu pa 7, honours pa 8, masters pa 9, ndipo udokotala wa maphunziro pa 10. Munthu wochokera kunja amauzidwa sitepe imene pepala lake laima, ndipo kusiyana kwa 7 ndi 8 kungachititse kuti ulowe masters mwachindunji kapena uyambe wachita honours. Maiko a ku Ulaya anayamba kugwirizana ku Bologna mu 1999, ndipo kenaka anavomereza kuti onse ayende njira ya masitepe atatu, digiri yoyamba, masters ndi udokotala, ndipo chaka chimodzi cha maphunziro amachiwerengera mfundo 60. Anachita zimenezi atatopa ndi vuto lomwe ife tikukambali.

Pali kusiyana kwina kumene kumasokoneza anthu. Ife amene tinaphunzira ku Zomba madigiri athu analembedwa kuti distinction, credit kapena pass. Angerezi amati first class, upper second, lower second. Nditapita kukachita masters ku yunivesite ina ya ku England mu 1989, ndinanyamula satifiketi yokha, yokutidwa bwino m'pulasitiki. Mayi wa mu ofesi anaitembenuza uku ndi uku n'kundifunsa kuti credit ndiye kuti chiyani, nanga chikalata chosonyeza maphunziro onse amene ndinachita chaka ndi chaka pamodzi ndi malikisi ake chili kuti. Chikalata chimenechi amachitcha transcript, ndipo ine ndinali ndisanachiganizirepo. Ndinadikira masabata angapo kuti chifike pa positi, ndikulowa m'kalasi ngati mlendo wosayitanidwa. Panalinso kankhani kena kamene ndikaulule pano poti ndakalamba. Pobwereza Sitandade 8 ndinasintha dzina, monga ankachitira ambiri masiku amenewo, n'kutenga la agogo. Dzina la pasatifiketi ndi dzina la kubadwa zinasemphana, ndipo ndinachita kukalumbira kwa majisitireti kuti anthu awiriwa ndi munthu mmodzi. Ndikuona ena mukuseka chamumtima, mukudzidziwa.

Dziko lililonse lili ndi woyeza wake. Ku South Africa ndi bungwe la SAQA. Ku Britain ndi UK ENIC, limene mpaka 2021 linkadziwika kuti UK NARIC. Ku America ndi ku Canada kuli mabungwe monga WES. Onsewa funso lawo loyamba ndi limodzi: kodi sukulu imeneyi ndi maphunziro amenewa n'zovomerezeka kwawo? Ngati kwanu sakukudziwa, kwa eni sangakudziwe. Nafenso mwana wathu akabwera ndi digiri ya ku India, China kapena Russia, amaipititsa ku NCHE kuti iyezedwe. Pa ntchito zina pepala la yunivesite silikwanira. Namwino, dokotala, loya ndi injiniya amayenera kulembetsa ku bungwe la ntchito yawo m'dziko limene apitalo, nthawi zambiri atalembanso mayeso. Ena amauzidwa kuti alembe mayeso a Chingerezi monga IELTS ngakhale anaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5.

Maiko akuyesetsa kufupikitsa mtunda umenewu. Pangano la SADC la maphunziro linasayinidwa ku Blantyre konkuno mu 1997, ndipo mwa zina linapempha yunivesite za m'chigawo chino kuti zizisungira ophunzira a maiko anzawo malo osachepera 5 pa 100 alionse. Mu 2011 SADC inavomereza makwerero ake a masitepe 10, kuti pepala la ku Lilongwe, Lusaka ndi Pretoria liyezedwe pa sikelo imodzi. Maiko a mu Africa anagwirizananso za nkhani yomweyi ku Addis Ababa mu 2014. Mapangano amenewa ndi abwino, koma amayenda pang'onopang'ono, ndipo mwana wanu sangadye pangano. Iye afunika kunyamula mapepala okwanira lero.

Ndatsala ndi chachitatu, kulawa. Chidindo chikhale chabwino, giredi ikhale yapamwamba, wogula amaviikabe tiyi m'kapu. Pepala limatsegula chitseko, koma likatsegula amakuuza kuti lemba lipoti, yeza wodwala uyu, konza makina awa. Pamenepo palibe bungwe limene lingakuyankhire.

Pa kulawa kumeneku tili ndi chonyadira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri anapita ku Britain, analandiridwa, ndipo anagwira ntchito yotamandika. Anachoka ambiri mwakuti zipatala zathu zinatsala pamphepo, mpaka mu 2005 boma ndi abwenzi ake anaonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 pa 100 alionse kuti ena atsale. Madokotala a ku Blantyre, akatswiri a zaulimi a ku Bunda ndi mainjiniya a ku Polytechnic akupezeka m'maiko ambiri, ndipo sachita manyazi pamaso pa anzawo. Koma tilinso ndi chodetsa nkhawa. Pa kafukufuku wa SACMEQ wa mu 2007, amene anayeza ana a Sitandade 6 m'maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, ana athu anali kumunsi kwenikweni pa kuwerenga ndi masamu, pamodzi ndi a ku Zambia. Ndiye kuti owerengeka amene amafika pamwamba ndi abwino kwambiri, koma ambiri amatsakamira m'njira.

Aliyense wa kuno amadziwa kuti tiyi wabwino sapangidwa kufakitale. Amayambira kunazale, ndi pa dzanja la wothyola amene amasankha masamba awiri ndi kansonga. M'mera mpoyamba. Digiri imene idzayezedwe ku Pretoria zaka zikubwerazi ikuphikidwa lero mu Sitandade 1 ku Khonjeni ndi ku Masambanjati, m'kalasi ya ana oposa 100 okhala pansi. Ndipo kalasi imeneyo, malinga ndi lamulo la 1998, ili m'manja mwa khonsolo yathu, khansala wathu ndi komiti ya makolo athu. Apa ndi pamene nkhani zanga ziwiri zakumana. Namondwe wa Freddy atawononga chigawo chino mu Malichi 2023, ndinayendera sukulu ziwiri za pulaimale zoyandikana. Pa ina komiti inali itaitana kale makolo, njerwa zikuumbidwa, ndipo kalata yopempha malata inali itapita kukhonsolo ndi kwa akuluakulu a esiteti. Pa inayo ndinapeza anthu akudikira boma, monga tinkachitira kale. Lamulo ndi limodzi, mvula inali imodzi, kusiyana kunali anthu.

Choncho, a Wapampando, ndili ndi mapempho anayi kwa bungwe lathu.

Loyamba, thumba lathu lothandiza ophunzira lisalipire ngakhale tambala imodzi ku koleji iliyonse tisanaone dzina lake ndi dzina la phunzirolo pa mndandanda wa NCHE, kapena wa TEVETA ngati ndi maphunziro a ntchito zamanja. A Mlembi azisindikiza chikumbutso chimenechi m'kalata yathu chaka chilichonse zotsatira za MSCE zikangotuluka, chifukwa ndi nyengo imene makolo amakhala ndi mtima wothamanga.

Lachiwiri, tisankhe anthu atatu kapena anayi mwa ife amene anaphunzira kapena kugwira ntchito kunja, kuti azibwera kudzacheza ndi a Fomu 4 asanalembe mayeso. Awauze zoti dzina likhale limodzi pa satifiketi, pa chitupa cha unzika ndi pa pasipoti. Zoti atenge transcript asanachoke pa koleji. Zoti ayezetse mapepala asanakwere basi, osati atafika kale ndalama zitatha. Awauzenso kuti pepala logula pamsika lili ngati chidindo chabodza pa bokosi la tiyi: likagwidwa limodzi, mabokosi onse a dziko lino amakayikiridwa.

Lachitatu, aliyense wa ife abwerere ku pulaimale imene inamutumiza kuno. Amene tinapuma ntchito tilowe m'makomiti. Tikafunse kuti ndalama zotukulira sukulu zafika zingati, zagula chiyani, ndipo malisiti ali kuti. Tikafunse mwaulemu, osati ngati apolisi, koma tikafunse ndithu. Bajeti ya khonsolo ikamakambidwa, pakhale mmodzi wa ife wokhala pabenchi kumvetsera. Mayi wothyola tiyi amene anasankhidwa kukhala msungichuma wa komiti angathe kuopa kufunsa a hedimasitala za mabuku a ndalama, koma sangaope ngati pambali pake pakhala mmodzi wa ife amene anagwirapo ntchito kubanki.

Lachinayi ndi la kwa inu amene muli ku Johannesburg, Cape Town, Manchester ndi kwina, amene mudzawerenge mawu anowa m'kalata yathu. Tiyi wa ku Thyolo wambiri amachoka m'matumba, amakasakanizidwa ndi wa maiko ena, n'kugulitsidwa m'paketi imene ilibe dzina lathu. Inu musakhale choncho. Kumene muliko nenani kumene munaphunzira, gwirani ntchito yoti wotsatira wanu wochokera kuno asavutike kukhulupiriridwa, ndipo muzikumbukira nazale imene munamera.

Mwina mukufuna kudziwa za mnyamata uja. Anabwerera kumudzi. Ndinakhala naye pansi pamodzi ndi mayi ake, ndipo ndinapepesa, chinthu chimene malume sachita kawirikawiri. Pano akuphunziranso, Loweruka ndi Lamulungu, pa sukulu imene ndinayamba ndaiyang'ana pa mndandanda kawiri konse, nditavala magalasi. Fizi ikuchokera ku penshoni yanga. Kamunda kaja sitinakawombolebe, koma tikawombola.

A Wapampando, ndatenga nthawi yaitali, ndipo fungo lochokera kukhitchini likundiuza kuti lero si nyemba. Ndithokoze komiti chifukwa cha ulemu umene mwandipatsa, ndi aphunzitsi a pasukulu pano chifukwa cha ntchito imene mukugwira pa ana athu. Mulungu adalitse sukulu yathu.